MAPIRI NDI ATHU, NANGA THAMBO NDI LA NDANI?

*Uthenga wa gulu kwa achinyamata onse. Kuchokera ku Chinguluwe, Salima.*

 Tikudziwa bandulo yadula, koma uthenga uwu muwerenge mpaka pansi. Mukamaliza muutumize ku magulu anu.

Wina afunsa kale kuti: "Aise, inu muli kunyanja, ambiri simunakwerepo ndege, ndiye za ndege ndi mapiri zikukukhudzani pati?" Funso labwino, ndipo tiyankha. N'zoona, ambiri a ife ndege timangoiona ikudutsa m'mwamba ili pa ulendo wa ku Lumbadzi. Koma amene wagwira ndege za dziko ndiye amasankha kuti mlendo afike kuti, ndalama yake itsale m'thumba la ndani, komanso kuti tsiku la tsoka thandizo lifike nthawi yanji. Mphamvu imeneyi ife a Malawi tinaibwereketsa, ndipo amene akulipira kwambiri ndi anthu okhala m'mapiri ndi ife okhala kumunsi kwake.

*1. Ndege ili ndi dzina lathu, koma chiwongolero chili kwa ena*

Tiyambe ndi mbiri, mwachidule. Air Malawi inabadwa mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu wodzilamulira. Inauluka zaka pafupifupi 50, kenako inagwa ndi ngongole ndipo mu 2013 inatsekedwa. M'malo mwake munabwera kampani yatsopano yomwe lero tikuitcha Malawi Airlines. Inayamba kuuluka mu January 2014. Boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100, pomwe Ethiopian Airlines ili ndi magawo 49.

Mukangomva 51 mutha kuwomba m'manja kuti ndife eni ake. Dikirani kaye. Ndege zomwe kampaniyi yakhala ikugwiritsa ntchito ndi zobwereka ku Ethiopian. Mkulu woyendetsa kampani wakhala akuchokera ku Ethiopian. Ndiye ife tili ndi dzina ndi mbendera, anzathu ali ndi ndege, ukadaulo ndi chiwongolero. Zili ngati kabaza woti njinga ndi ya bwana: umapalasa tsiku lonse, dzuwa n'kukuwotcha, koma madzulo ukapereke kaye ya bwana usanagule ufa.

Ndiye pali nkhani ina yomwe ambiri anaiwala. Pamene mgwirizanowu unkapangidwa, tinauzidwa kuti boma lidzasunga magawo 20 okha, ndipo magawo 31 adzagulitsidwa kwa a Malawi. Papita zaka zoposa 10. Alipo pa gulu pano amene anaitanidwapo kuti adzagule gawo? Atiuze.

Tinene chilungamo, chifukwa gulu lino silinamiza anthu ake. Air Malawi sinaphedwe ndi alendo ayi. Inafa m'manja mwathu momwe, ndi ngongole komanso kulowerera kwa andale. Ndipo a ku Ethiopia sanabwere ndi mfuti, tinawaitana tokha. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Vuto lathu si kalumoko. Vuto ndi loti zaka zonsezi tikungometedwa, osaphunzira kumeta.

*2. Phunziro lili ku Ethiopia komweko*

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pomwe pali mutu wa nkhani. Ethiopia ndi dziko la mapiri ataliatali, ndipo kale misewu inali yochepa kwambiri. Kampani yawo ya ndege inakhazikitsidwa mu 1945 n'kuyamba kuuluka mu 1946. Nawonso anayamba ndi alendo: kampani ya ku America ya TWA ndiyo inkawayendetsera, ndipo oyendetsa ndege ndi mabwana oyamba anali a ku America. Koma a ku Ethiopia analowa mgwirizanowo ndi cholinga choti tsiku lina adzayendetse okha. Anatsegula sukulu zawo zophunzitsa oyendetsa ndege ndi okonza ndege. Pofika 1971 mkulu wa kampani anali wa ku Ethiopia. Lero kampaniyi ndi ya boma lawo yonse, ndipo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse mu Africa. Ili ndi magawo 45 pa 100 mu Zambia Airways, yomwe inayambanso kuuluka mu December 2021, ndipo ili ndi magawo 49 kwathu kuno.

Chinanso: kuyambira pachiyambi, ndege zawo zinkapita m'matauni a m'mapiri a dziko lawo, komwe galimoto inkatenga masiku ambiri. Ndege inali mlatho wa anthu awo, isanakhale bizinesi ya dziko lonse lapansi.

Ndiye funso lathu kwa atsogoleri athu ndi ili: mgwirizano wathu ndi Ethiopian uli ndi tsiku lomwe a Malawi adzatenge chiwongolero? Ngati lilipo, ndi liti? Ngati palibe, anasainira ndani, ndipo ankaganiza chiyani?

*3. Tsiku la tsoka tinayang'ana kumwamba, kunalibe kanthu kathu*

Tisakambe za bizinesi zokha. Tikambe za moyo.

March 2023, namondwe wa Freddy. Napolo anatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje ndi ku Phalombe miyala ndi matope zinatsika m'mapiri, milatho inapita, madera ngati Nkhulambe anadulidwa osafikika pa galimoto. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Malo otere amafikika ndi helikoputa basi. Ndipo tonse tikukumbukira kuti tinadalira ndege zochokera kwa anzathu a ku Tanzania ndi ku Zambia. Tikuwathokoza, anatichitira zaumunthu. Koma munthu amene wapanikizidwa ndi khoma sadikira kuti makalata a pakati pa maboma asainidwe.

Ndipo sikunali koyamba. Napolo anagwa ku Zomba mu 1946. Anagwanso ku Phalombe mu March 1991 n'kupha anthu mazanamazana. Madzi saiwala khwawa. Timadziwa kuti adzabweranso, koma nthawi iliyonse timadzidzimuka ngati zachilendo.

Kenako 10 June 2024. Ndege ya asilikali a dziko lino ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo inagwa ku Nthungwa m'nkhalango ya Chikangawa, m'mapiri a Viphya. Onse 9 anamwalira. Mizimu yawo iuse mumtendere.

Sitikufuna kuponda pa bala la mabanja awo, ndipo sitibwera ndi mphekesera. Tingonena zomwe zili poyera. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, patadutsa maola oposa 24. Pofufuza, boma linapempha thandizo ku America, Britain, Norway ndi Israel. Ofufuza chomwe chinachititsa ngoziyo anachokera ku Germany, ku bungwe la BFU. Iwowo anapeza kuti ndegeyo inalibe makina osunga mawu a oyendetsa ndi mbiri ya ulendo, komanso kuti kachipangizo kotumiza chizindikiro ndege ikagwa sikankagwira ntchito chifukwa batire yake inatha mphamvu mu 2004. Werenganinso: 2004. Ena a inu munali musanabadwe.

Batire imeneyo si mlendo amene anaiwala kusintha. Ndi ife. Apa ndi pomwe tiyenera kudziyang'ana pagalasi: alendo amatilamulira m'mlengalenga chifukwa ife tinasiya kusamala zathu. Ndipo ngati wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko angasowe m'phiri usiku wonse, nanga mayi woyembekezera wa ku Nthalire, kapena wonyamula katundu wa alendo amene wathyoka mwendo pafupi ndi Sapitwa, angayembekezere chiyani?

Dziko lomweli linapeza ndalama zogulira mtsogoleri ndege yapamwamba mu 2009, yomwe inadzagulitsidwa mu 2013 pa madola 15 miliyoni. Ndiye asatiuze kuti nkhani ndi umphawi wokha. Nkhani ndi zomwe timaika patsogolo.

*4. Phiri ndi lathu, koma khomo lake lili ku Addis Ababa*

Tibwere ku chitukuko. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Tinasangalala tonse. Sapitwa, mamita 3,002 kupita m'mwamba, palibe nsonga yaitali kuposa iyo m'chigawo chino kuyambira ku Zambia, Zimbabwe mpaka Mozambique. Tili ndi Nyika, Zomba, Viphya, Dedza, Ntchisi. Alendo akufuna kubwera. Koma tatsatirani ndalama ya mlendo mmodzi muone komwe imathera.

Palibe ndege yonyamula anthu yochoka ku Ulaya kapena ku America yomwe imatera ku Lilongwe mwachindunji. Mlendo amadutsa ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Tikiti, yomwe nthawi zambiri ndiyo ndalama yaikulu pa ulendo wonse, walipira kunja. Malo ogona ambiri apamwamba walipiriratu kunja kudzera kwa okonza maulendo a kwawo. Akafika pa Likhubula, chomwe chatsala ndi ya wolondolera njira ndi ya wonyamula chikwama. Mnyamata wa ku Mulanje amasenza katundu kukwera phiri lonse, thukuta lili kamukamu, koma pa ndalama yonse ya ulendowo iye amalandira nyenyeswa.

Ndipo khomolo likatsekedwa, ife sitifunsidwa. Mu January 2019 kampani ya South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Chileka chifukwa oyang'anira za ndege a ku South Africa anapeza kuti chitetezo pa bwaloli chinali choperewera. Chileka ndilo khomo la Mulanje ndi Zomba. Chigamulo chinapangidwa kunja, pa zofooka zomwe ife tinazilekerera. Nalo bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi linakulitsidwa ndi thandizo la Japan kudzera ku JICA. Malonjezo a bwalo latsopano la Mzuzu timawamva nthawi ya kampeni, chisankho chikatha zii.

Kumpoto nkhani yake ndi yowawa kwambiri. Ku Nyika anthu anasamutsidwa m'midzi yawo mu 1978 pamene malo osungira nyama ankakulitsidwa. Lero mlendo wa ndalama amatera pa kabwalo ka ndege ka Chelinda, n'kuona mbidzi ndi maluwa, n'kuulukanso. Sadutsa pa Bolero, sagula nthochi, sagula uchi kapena khofi kwa mlimi. Pomwe mdzukulu wa anthu amene anasamutsidwa aja akulimbana ndi msewu wa Rumphi kupita ku Nyika ndi Chitipa, womwe wakhala nyimbo ya andale kwa zaka zambiri. Wina amadutsa m'mwamba, mwini nthaka amatitimira m'matope. Chimenechi sitingachitche chitukuko chokhazikika.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kampani yomwe ikuyendetsedwa ndi maso a ku Addis Ababa imayang'ana kaye maulendo odzaza ndege zazikulu ndi obweretsa madola. Imeneyo si nkhanza, ndi bizinesi. Ulendo wa ku Mzuzu, Karonga kapena Likoma ndi wofunika kwa Mmalawi, koma pa buku la phindu ndi waung'ono. Amene ayenera kuumenyera nkhondo ndi mwini magawo 51 uja. Akakhala chete, palibenso wina.

*5. Phiri likapanda kupindulira mwini wake, mwini amalidya*

Apa ndi pomwe nkhani ya ndege ikukumana ndi nkhani ya mitengo. Munthu wokhala m'mphepete mwa phiri akaona kuti alendo akubwera ndi kupita iye osapeza kanthu, amatenga nkhwangwa. Osati chifukwa ndi woipa, koma ana akufuna nsima lero. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu womwe sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, unadulidwa mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Chikangawa, nkhalango yobzala ya mahekitala 53,000 yomwe inali kunyada kwa dziko, mbali yaikulu inasanduka zitsa ndi phulusa, matabwa ake atapita kunja.

Pomwe mitengo ikutha pamwamba, ena akuyang'ana pansi pa nthaka. Ku phiri la Songwe ku Phalombe kuli Mkango Resources ya ku Canada. Ku Kangankunde ku Balaka kuli Lindian Resources ya ku Australia. Ku Mulanje nkhani yokumba miyala ya bauxite imangobwererabwerera, ndipo anthu a kumeneko akhala akuikana. Ndiye onani chithunzi chonse: pamwamba pa phiri ndege za eni ake, pansi pa phiri migodi ya eni ake, pakati mwana wa Mmalawi ali ndi thumba la makala pa njinga.

Tsopano tiyankhe funso lija, loti ife a ku Salima zikutikhudza pati. Tatsikani msewu wa Lilongwe kubwera kuno, mudutse pa Mvera, muwerenge matumba a makala. Mitengo imeneyo ikuchokera m'mapiri omwe ali pamwamba pathu, kufupi ndi nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama n'kudzakumana ndi Linthipe usanathire m'nyanja kuno kwathu. Kumtunda kukakhala dazi, mvula imatsika yonse nthawi imodzi. Imakokolola minda, imadzaza mitsinje ndi mchenga, ndipo pofika October mitsinje yomweyo ili gwa. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu amamva kuwawa. Mlimi wa thonje ndi chimanga kuno ku Chinguluwe amamva kuwawa. Nsomba ya mpasa, yomwe imakwera mitsinje kukaswana, imapeza matope okhaokha. Ndipo inu a mu tauni, madzi a pa mpopi ku Lilongwe amachokera ku Dzalanyama komweko, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, womwe umadalira nyanja, nayo nyanja imadalira mapiri. Phiri likafa, bomba limaphulikira kumunsi.

*6. Zomwe tikufuna*

Sitikuti a ku Ethiopia achoke mawa. Akachoka mawa ndege ziima, ndipo ovutika akhala amayi a geni opita ku Johannesburg ndi Dar es Salaam, odwala opita kunja ndi ogwira ntchito pa bwalo. Tikufuna zinthu zomveka, zotheka:

1️⃣ *Mgwirizano uikidwe poyera.* Mgwirizano wa boma ndi Ethiopian Airlines, kuphatikizapo ndalama zobwerekera ndege ndi zoyendetsera kampani, uperekedwe ku Nyumba ya Malamulo ndipo a Malawi auwerenge. Magawo 51 ndi a ife okhoma msonkho.

2️⃣ *Tsiku lotenga chiwongolero.* Pakhale ndondomeko yolembedwa, ya zaka zodziwika, yonena kuti oyendetsa ndege, okonza ndege ndi mabwana a Chimalawi aphunzitsidwa angati chaka chilichonse, ndipo mkulu wa kampani adzakhala Mmalawi liti.

3️⃣ *Yankho pa magawo 31.* Agulitsidwe kwa a Malawi poyera, pa msika wa masheya, osati kwa anzawo a andale kuseri. Ngati ganizoli linasinthidwa, atiuze amene anasintha ndi chifukwa chake.

4️⃣ *Ndege zopulumutsa anthu.* Helikoputa zogwira ntchito, zokhala ndi mafuta ndi akatswiri ake, imodzi yoyang'ana kumwera ina kumpoto, zikhale zokonzeka dzinja lisanayambe. Ndege iliyonse ya boma iwunikidwe zipangizo zake za chitetezo ndipo zotsatira zilengezedwe.

5️⃣ *Maulendo a m'dziko momwemo.* Mzuzu, Karonga ndi Likoma akhale mu mgwirizano ngati udindo wa kampani, osati chifundo. Mabwalo ake akonzedwe kuti ndege zizitha kutera motetezeka ngakhale kunja kuli nkhungu.

6️⃣ *Gawo la anthu a m'phiri.* Pa ndalama zomwe mlendo amalipira polowa ku Mulanje, Nyika, Zomba ndi malo ena, gawo lodziwika lizipita ku midzi yozungulira, ndipo chiwerengero chake chizimatidwa pa ofesi ya khonsolo kuti aliyense aone. Olondolera njira ndi onyamula katundu akhale ndi mtengo wovomerezeka ndi inshuwalansi.

Ndipo asatiuze kuti achinyamata a Chimalawi sangakwanitse. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyesera ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, ma drone, ndipo mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi UNICEF ndi yunivesite ya MUST. Anyamata ndi atsikana a konkuno aphunzira kupanga ndi kuulutsa ma drone. Luso lilipo. Koma tichenjere kuti nkhani ya ndege zazikulu isabwerezedwe pa zazing'onozi: ife ophunzira, ena eni kampani.

*7. Ntchito yanu sabata ino*

Kulusa pa status kokha sikusintha kanthu, magaye. Chitani izi:

✅ Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino lili kumbali yathu. Lembani kalata ku unduna wa zamtengatenga kupempha mgwirizano wa Malawi Airlines. Sungani kope lodindidwa ndi tsiku lomwe mwapereka.

✅ Pezani phungu wa dera lanu, mumufunse mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti akafunse mafunso 6 amenewa ku Nyumba ya Malamulo. Yankho lake mutiuze, tilifalitsa momwe wayankhira.

✅ Inu a ku Mulanje, Phalombe, Rumphi, Mzimba, Dedza ndi Zomba, titumizireni mavoisi. Mlendo akabwera mumapeza zingati? Nthawi ya Freddy thandizo linafika patapita masiku angati? Nenani zomwe munaona ndi maso anu, osati zomwe munamva pa minibasi.

✅ Osatukwana mlendo aliyense, kaya wa ku Ethiopia, kaya wa kwina. Ife tomwe tili ndi abale ku Joni, tikudziwa kuwawa kwa kusalidwa. Mafunso athu akupita kwa amene tinawavotera, a chipani chilichonse, chifukwa maboma asinthana kangapo chisainireni mgwirizanowu ndipo palibe linatiwerengera.

Tikadzafika poti tiyende pa msewu, tidzatsata lamulo: kudziwitsa bwanamkubwa nthawi ilipo, kuyenda mwamtendere, osaphwanya shopu ya munthu. Wobwera ndi mwala si wathu.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Magawo 51 a pa pepala ndi fodya wa pachala. Tikufuna tidziwe zomwe zinasainidwa m'dzina lathu, tikufuna tsiku lomwe mwana wa ku Chinguluwe kapena wa ku Nkhulambe adzakhale pa mpando woyendetsa kampaniyi, ndipo tikufuna kuti napolo akadzatsikanso, helikoputa yoyamba kufika ikhale yathu.

Tumizani uthengawu ku magulu atatu. Amene alibe bandulo muwawerengere.

*Komiti ya achinyamata*
*Chinguluwe, Salima*